Banga la kunsi kwa phazi la abambo, ndi foni yomwe inati musadandaule

Abambo anga savula nsapato pamaso pa anthu. Khalidwe limeneli analitengera ku ntchito yophika m'nyumba za azungu ku Highlands mu Harare, komwe anakhala zaka zoposa 30: nsapato yopolisha ndi sokosi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Moti kuti ine ndione kunsi kwa phazi lawo zinangochitika mwamwayi.

Munali mu Seputembala 2023. Anabwera kuchokera ku bawo akutsimphina pang'ono, ati nsapato yatulutsa msomali. Ndinawatenthetsera madzi kuti aviike mapazi m'beseni ndiwakweche zikang'a ndi mwala, monga ankachitira amayi asanatisiye. Nditakweza phazi lamanja ndinaona banga cha pafupi ndi chidendene, kukula kwake ngati njere ya nyemba. Kunsi kwa phazi tonse timakhala oyererako, ndiye linkaoneka bwinobwino. Silinali lozungulira. Mbali imodzi linachita ngati inki yadonthera papepala lonyowa n'kuyamba kuyenderera. Pakati lakuda bii, m'mphepete lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"N'chakale chimenecho, Naphiri. Ndinaponda chitsa kumunda."

"Chikupweteka?"

"Chikanamapweteka bwenzi ndikuyenda?"

Timakhala ku Mabvuku. Abambo anachoka kwawo ku Dedza mu 1963, anadzera ku Tete, kulowa pa Nyamapanda, n'kutchona. Ife tonse tinabadwira konkuno ku Harare. Panja timalankhula Chishona, koma m'nyumba ndi ku CCAP ndi Chichewa chokhachokha, chifukwa abambo ukawayankha m'Chishona amachita ngati khutu lagontha. Mkulu wa zaka 78 wotereyu, yemwe m'moyo wake wonse anagonapo m'chipatala kamodzi kokha, simungamuuze za chipatala chifukwa cha kabanga kosapweteka.

Tili ndi mnyamata pakhomo, mwana wa achemwali anga, amaphunzira zamakompyuta pa koleji ina m'tauni. Iyeyu ndiye anati, "Amayi aang'ono, musavutane ndi agogo, pali app yoona matenda a pakhungu. Imagwiritsa ntchito AI, nzeru za makompyuta zija, mungojambula basi, imakuuzani." Usiku umenewo magetsi kunalibe. Ine ndinagwira tochi, iye anajambula, abambo atakhala pampando akung'ung'udza kuti ana a masiku ano afika poombeza ndi foni. Kachizindikiro kanazungulirazungulira, kenako panatuluka mtundu wobiriwira. Mnyamata anatimasulira: chiopsezo n'chochepa, mwina ndi magazi oundana pansi pa khungu chifukwa choponda chinthu, kapena khungu lokhuthala chifukwa chokhulana ndi nsapato. Abambo anaseka. "Mwamva? Chitsa. Ngakhale makina akudziwa."

M'munsi mwake munali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti yankholi silikulowa m'malo mwa dokotala. Tinatiwerenga patapita miyezi isanu.

Ndivomere pano, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha. Yankho lobiriwira lija ndinalikonda osati poti ndinkakhulupirira kwambiri makina, koma poti linali lotchipa. Ndimagulitsa zovala za kaunjika, ndipo kukaonana ndi dokotala wa pulayiveti m'tauni muno ndi madola a ku America omwe ndimawapeza nditaima padzuwa masiku angapo. Mtima wanga unkafuna wina woti andiuze kuti khala pansi, palibe kanthu. Foni inandiuza zomwezo, ine n'kupumira m'mwamba.

Mvula ya chaka chimenecho inavuta, kunali chilala. Abambo ali ndi kamunda kawo cha kudambo, ndipo analimbana nako mpaka Febuluwale, chimanga chikufota chisanamasule n'komwe. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza sokosi yawo ya kumanja itauma gwaa pachidendene. Magazi. Sanandiuze. Nditawakakamiza kuvula ndinapeza banga lija lakula, lafika ngati chala chachikulu chikadinda papepala, ndipo pakati patuluka kachotupa konyowa. Azakhali a ku Epworth anali atabwera kudzacheza. Iwo sanachedwe, anatulutsa kabotolo ka jivi m'chikwama, n'kupaka phazi lonse la pansi mpaka kuchita pepo. Ati chilonda chilichonse chimamva jivi.

Madzulo ake mnyamata anajambulanso. Ulendo uno panatuluka mtundu wofiira: onanani ndi dokotala mwamsanga. Anabwera kukhitchini atagwira foni ngati yamuotcha.

Ku kiliniki ya kwathu anesi anawayeza shuga, poti chilonda cha kuphazi chosapola kawirikawiri chimayenda ndi matenda a shuga. Analibe. Anawayezanso magazi kuona za HIV, chifukwa pali khansa ina ya pakhungu, Kaposi sarcoma, yomwe imakonda miyendo ndi mapazi ndipo kuno siyachilendo. Analibenso. Anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu. Lamulungu lake mayi wina wa m'Chigwirizano, nesi wopuma pantchito, atamva nkhaniyi anandikokera pambali kuseri kwa tchalitchi. "Naphiri, chinthu chakuda cha kuphazi chikayamba kutuluka magazi sachigonera. Kongolani ndalama, sabata yomwe ino." Anandilozera dokotala wina wa ku Avenues, m'tauni, yemwe amakonda kuona za khungu.

Dokotalayo anali mtsikana ndithu, msinkhu wa mng'ono wanga. Abambo anawatcha sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, n'kugwada pansi kuti aone phazi m'malo mowauza kuti alikweze pabedi, ndipo ndinaona nkhope ya abambo ikumasuka. Ataona jivi anapukusa mutu akumwetulira, natenga thonje ndi sipiriti n'kuyamba kupukuta pang'onopang'ono. Ali mkati mopukuta ankafunsa. Munaliona liti? Linali lalikulu bwanji? Lasintha mtundu? Magazi anayamba liti? Thupi latsika? Kenako anayang'ana phazi linalo, pakati pa zala, zikhadabo zonse, zikhatho, m'kamwa, n'kupempha kuti apapase m'mphechepeche ngati muli mwanabele. Ndinakhala chete ndikuwerenga mumtima: mafunso onsewa, foni ija sinafunse ngakhale limodzi.

Anatulutsa kachipangizo kokhala ngati tochi yaifupi yokhala ndi galasi lokuza zinthu, akuti dermatoscope, n'kukalumikiza ku foni yake. Anadontheza timadzi pabanga, n'kukanikiza galasi. Kenako anatembenuza foni kuti tione tonse.

Sindinadziwe kuti khungu la kuphazi likakuzidwa limaoneka ngati munda wogalauza. Mizere, mizere, mizere, ndipo pakati pa mzere ndi mzere pali kanjira kotsika. Dokotala anati banga wamba la kuphazi, lomwe anthu akuda ambiri tili nalo ndipo silivuta, mtundu wake umakonda kukhala m'tinjira totsikamo. Koma mtundu wakuda ukakwera n'kukhala pamwamba pa mizere, monga zinalili m'mphepete mwa banga la abambo, pamenepo dokotala amadzidzimuka. Abambo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye kuti udzu wamera pamzere penipeni, pomwe pamayenera kukhala chimanga."

"Ndi momwemo, sekuru."

Anatiuza kuti akuganizira khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, koma choti chitsimikize n'kudula kachidutswa n'kukatumiza ku labu. Anapemphanso chilolezo kuti atumize zithunzizo kwa katswiri wamkulu wa khungu yemwe amagwira naye ntchito, poti akatswiri oterewa m'dziko muno ndi owerengeka ndipo madokotala amadalirana kudzera pa foni.

Apa ndiye abambo anakana kwamtuwagalu. Khansa ya khungu, iwo ati, ndi ya azungu. Anaiona ndi maso awo ku Highlands: bwana wawo chaka ndi chaka ankapita kukaotchetsa timabanga pamphuno ndi pamakutu chifukwa cha dzuwa. Munthu wakuda dzuwa limamutani? Komanso kunsi kwa phazi, mkati mwa sokosi, dzuwa lafikako liti?

Dokotala sanatsutse. Anati zoona, khansa zobwera ndi dzuwa zimagwira kwambiri akhungu loyera, komanso abale athu achialubino omwe amavutika nazo zedi. Koma mtundu uwu wa kuphazi, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo suyendera dzuwa, ndipo mwa anthu akuda ndi umene umapezeka kwambiri pa mitundu yonse ya melanoma. Kenako anafunsa, "Sekuru, usiku wa ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980 munali kuti?"

Funso limenelo kwa abambo ndi ngati kutsegula mpopi. Anali ku bwalo la masewera la Rufaro, ku Mbare, m'gulu la anthu omwe anakanizidwa kulowa n'kuyamba kukankha geti, anapuma nawo utsi wokhetsa misozi, nsapato imodzi inatsalira komweko. Nkhaniyi taimva kambirimbiri. Dokotala anawalola amalize, n'kunena kuti Bob Marley, yemwe anaimba usiku umenewo, anali kale ndi matenda omwewa. Anayambira pa chala chachikulu cha kuphazi, pansi pa chikhadabo, mu 1977, ndipo poyamba ankayesa kuti wavulala pa mpira. Anamwalira mu Meyi 1981 ali ndi zaka 36, patangodutsa chaka ndi mwezi chiimbireni ku Rufaro.

Abambo anakhala duu. Kenako anati, "Dulani."

Tikutuluka, mnyamata wathu anaonetsa dokotala mayankho awiri a mu app, lobiriwira la Seputembala ndi lofiira la Febuluwale. Ankafuna, ndikuganiza, kuti wina amuuze kuti makinawo anadzakonza okha cholakwa chawo. Dokotala anayang'ana chithunzi chachiwiri, phazi lili pepo, n'kuseka pang'ono. Anati za app imeneyi payokha sangalumbire, mwina yaona chilondacho. Koma mu 2019 madokotala a khungu a ku Heidelberg ku Germany anayesa makina ena otere, ovomerezeka kale kugwiritsidwa ntchito ku Ulaya. Anajambula timabanga tabwinobwino, kenako n'kutilemba m'mbali ndi cholembera cha jivi chomwe madokotala amalembera pakhungu asanachite opaleshoni, n'kujambulanso. Makina aja anayamba kunena kuti timabanga tambiri tabwinobwino tija ndi khansa. Anali ataphunzira kuti pomwe pali inki ya pepo ndi pomwe dokotala wakayikira. "Ndiye n'kutheka," anatero, "kuti amene anakutumizani kuno ndi jivi wa azakhali anu."

Azakhali mpaka lero amanyadira nkhani imeneyi, ndipo mbali yoti jivi anavutitsa dokotala kuona bwino banga saimva.

Masabata odikira zotsatira anali olemera. Mnyamata anasiya kudya bwino. Ankadziimba mlandu, ngakhale ndinamuuza kangapo kuti wogwira tochi ndinali ine. Njira yake yolirira inali kuwerenga. Usiku ankakhala pakhonde ndi foni, bandulo ikutha, n'kumabwera kudzandiuza zomwe wapeza ine ndikusita zovala za pamsika. Zambiri zomwe ndikudziwa za makinawa ndinaziphunzira chomwecho, ndi simbi m'manja.

Makinawa, iye anati, saona ngati munthu. Amawaonetsa zithunzi zikwizikwi, chilichonse chitalembedwa kuti iyi ndi khansa, iyi ayi, mpaka iwo okha atagwira zomwe zimafanana. Mu 2017 ofufuza a ku Stanford ku America anaphunzitsa makina ndi zithunzi 129,450, n'kuwapikisanitsa ndi akatswiri a khungu 21, ndipo pa zithunzi zoyeserazo makina analingana nawo. Nkhaniyi inamveka dziko lonse, ndipo ma app ambiri anabadwa pambuyo pake. Koma anthu a gulu lomwelo anadzaona chinthu china choseketsa: chithunzi chikakhala ndi rula pambali, makina ankapendekera kunena kuti ndi khansa, poti madokotala amaika rula pa banga lomwe akulikayikira kale. Ngati mwana wa sukulu amene waloweza kuti yankho lalitali ndiye lolondola.

Chomwe chinandiimitsa kusita chinali china. Mu 2021 ofufuza a ku Oxford anasanthula nkhokwe 21 za zithunzi za khansa ya pakhungu zomwe aliyense angatenge pa intaneti kuphunzitsira makina, zithunzi zoposa 100,000. Zambiri sizinalembedwe n'komwe kuti khungulo ndi la mtundu wanji. Pa zithunzi 2,436 zomwe zinalembedwa, za khungu lofiirira zinali 10, ndipo cha khungu lakuda ngati lathuli chinali chimodzi. Ndinamuuza kuti abwereze. Chimodzi.

Ndiye tinatenga phazi la mkulu wa ku Dedza, lojambulidwa ndi tochi usiku, n'kukafunsa mlendo yemwe mwina sanaonepo phazi lotere chibadwire. Ndipo mlendoyo m'malo monena kuti pepani, izi sindizidziwa, anayankha molimba mtima ndi mtundu wobiriwira. Chimene chimandipweteka mpaka pano n'chimenecho. Munthu wosadziwa njira ukamufunsa amakanda m'mutu, iwe n'kudziwa kuti ufunsenso wina. Makina sakanda m'mutu. Mnyamata anapezanso kuti dokotala wa khungu wa ku Texas, Adewole Adamson, anali atachenjeza kale mu 2018 kuti makina ophunzitsidwa pa khungu loyera lokha adzasiya anthu akuda m'mbuyo. Chenjezolo linalembedwa m'magazini ya madokotala. Ku Mabvuku linafika app, chenjezo linatsalira m'njira.

Zotsatira zinabwera mu Epulo 2024, sabata yomwe boma linatulutsa ndalama yatsopano ya ZiG, aliyense m'kombi akukangana za chenje. Inali melanoma. Dokotala anatifotokozera kuti pa matendawa nambala yofunika kwambiri si kutambalala kwa banga ayi, koma kuzama kwake, kuti lalowa pansi mamilimita angati. La abambo linali litadutsa mamilimita awiri. Likakhala losafika milimita imodzi, kawirikawiri kudula kokha kumakwana ndipo munthu amapitiriza moyo wake. Likamazama, mpata woti lifalikire ku anabele ndi ziwalo zina umakulirakulira. Ndinafunsa funso lomwe linkandisowetsa tulo: tikanabwera mu Seputembala? Anandiyang'ana, n'kunena kuti sangabweze miyezi kuti akayeze, koma chinthuchi chimazama ndi nthawi, sichidikira. Sanandinamize, ndipo ndinamuthokoza chifukwa cha zimenezo.

Opaleshoni inachitika mu Meyi ku chipatala chachikulu. Anadula banga pamodzi ndi khungu labwino lozungulira, masentimita awiri mbali zonse, ndipo pachidendene palibe khungu lotsala loti n'kukoka n'kusoka, ndiye anasenda lina pantchafu n'kudzamata. Abambo amati pantchafu ndi pomwe pankawawa kuposa phazi. Anakhala masabata ambiri osaponda pansi, akuyenda ndi ndodo ziwiri, akukalipira aliyense. Anawaunika m'mphechepeche, pachifuwa ndi m'mimba, ndipo sanapeze kuti yafalikira. Ndalama zinachokera kwa achimwene a ku Johannesburg, kwa amayi a Chigwirizano, ndi ku bungwe la maliro la anthu a kwathu lomwe abambo akhala akusonkhako kuyambira ine ndisanabadwe. Wapampando wake anati malamulo salola, kenako anavula chipewa n'kuchiyendetsa yekha, ati kusonkhera wamoyo kumatchipa kuposa bokosi.

Pa ulendo wina wokaonetsa bala, dokotala uja anatulutsa pepala. Anati iye ndi anzake akusonkhanitsa zithunzi za matenda a pakhungu la anthu akuno, zoti aziphunzitsira madokotala achinyamata ndi anesi, ndipo mwina tsiku lina n'kuphunzitsira makina. Ankapempha kuti zithunzi za phazi la abambo, pamodzi ndi zotsatira za ku labu, zilowe nawo.

Abambo anakwinya nkhope. Kwathu munthu akakutapa phazi, kutenga dothi la pomwe waponda, sakufunira zabwino. "Phazi langa mukufuna mukalitani? Mukaligulitse kwa azungu?"

Ine ndinachita manyazi, koma dokotala anati funsolo ndi loyenera, ndipo akanakonda odwala onse akanamafunsa. Anafotokoza kuti dzina silikhalapo, nkhope siioneka, chithunzi chimasungidwa ndi nambala. Akakana, chithandizo chawo sichisintha ngakhale pang'ono. Akavomera lero n'kusintha maganizo mawa, ali ndi ufulu wobwera kudzanena. Anatchulanso lamulo la 2021 la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu pa makompyuta, lomwe limati nkhani za umoyo wa munthu sazitenga mwachisawawa. Pamenepo ine ndi mnyamata tinayang'anana. Zithunzi zathu ziwiri zija tinazitumiza mu app osafunsa kuti zikupita dziko liti, akusunga ndani, mpaka liti. Phazi tinali titatapitsa kale tokha.

Dokotala anapitiriza kuwanyengerera, ndipo apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake ntchitoyi iyenera kutsogoleredwa ndi madokotala, osati odziwa makompyuta okha. Anati chithunzi chopanda zotsatira za ku labu ndi mphekesera chabe. Ukaphunzitsa makina ndi zithunzi zomwe wina anangoyang'ana n'kulota dzina la matenda, makinawo aphunzira maloto akewo. Anatiuza za dokotala wa khungu wa ku Stanford, Roxana Daneshjou, yemwe ndi anzake mu 2022 anatulutsa zithunzi 656 za anthu a khungu losiyanasiyana, chilichonse chotsimikizidwa ku labu. Atayesa makina otchuka pa zithunzizo, anapeza kuti amalakwitsa kwambiri pa khungu lakuda. Koma atawaphunzitsanso ndi zithunzi zosakaniza bwino, kusiyanako kunachepa zedi. Ndiye kuti vuto si khungu lathu kuti n'lovuta kuwerenga. Makinawo anangokhala asanalionetsedwe.

Anatchulanso mnyamata wobadwira ku Zimbabwe konkuno, Malone Mukwende, yemwe pomwe ankaphunzira udokotala ku St George's ku London anatopa ndi mabuku ongonena kuti khungu limafiira, pomwe pa iye mwini kufiirako sikuoneka. Mu 2020 iye ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa kabuku koonetsa zizindikiro za matenda pa khungu lakuda ndi lofiirira. Kenako anati palinso ntchito ina yotchedwa PASSION, ya madokotala a ku Basel ku Switzerland pamodzi ndi anzawo a mu Africa, yomwe yasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 5,000 za matenda omwe timawadziwa tonse, mphere, chipere, zilonda za ana, kuchokera ku Madagascar, Guinea, Tanzania ndi Malawi.

"Malawi?" abambo anatero.

"Eya, sekuru."

"Ndiye a kwathu anavomera kale." Anapempha cholembera. Anasaina pang'onopang'ono, dzina lonse, ndi kamchira komwe amakakoka kumapeto. Atamaliza anati, "Koma mukalembe kuti ndi phazi la Mchewa."

Ine sindidana ndi AI, ndisanamizire. Ndaima pamzere wa ku kiliniki kuyambira mbandakucha, ndaona nesi mmodzi akuona anthu osawerengeka, wa chifuwa, wa mimba, wa zidzolo, onse iye yekha. Nesi ameneyo atakhala ndi chida m'foni chophunzitsidwa pa khungu lathu, choyesedwa ndi madokotala athu, chomwe chingamunong'oneze kuti uyu musamupatse mafuta opaka, mutumizeni msanga, anthu ambiri angapulumuke. Mnyamata wathu tsopano akuti ntchito yake yomalizira sukulu ikhala ya zimenezi, ndipo dokotala uja anamuuza kuti asalembe mzere ngakhale umodzi pa kompyuta asanakhale tsiku lathunthu m'chipinda choonera odwala. Koma chida chokhala m'manja mwa nesi n'chosiyana ndi chida chokhala m'manja mwa ine, mayi wotopa amene ndikufuna chifukwa choti ndisawononge ndalama. Kwa ine tsopano lamulo ndi ili: foni ikati pita kuchipatala, ndipita. Ikati usapite, mawu amenewo ilibe udindo wondiuza.

Kwa inu amene muli ndi makolo okalamba, avuleni nsapato. Kamodzi pamwezi n'kokwanira. Yang'anani kunsi kwa mapazi, pakati pa zala, zikhatho ndi zikhadabo, masana panja osati ndi tochi. Timabanga tating'ono, tozungulira bwino, ta mtundu umodzi, tomwe takhala chomwecho zaka ndi zaka, ambiri tili nato. Chokayikitsa ndi banga lomwe likukula, la m'mphepete mokhotakhota, la mitundu iwiri kapena itatu, lotambalala kuposa kafufutiro ka kumapeto kwa pensulo, kapena chilonda cha kuphazi chomwe chatha mwezi osapola. Kusapweteka si umboni woti zili bwino, la abambo silinapwetekepo mpaka tsiku lodula. Za zikhadabo, dokotala anati mizere yakuda yotsika m'zikhadabo zingapo ndi yofala mwa anthu akuda ndipo kawirikawiri siivuta. Koma mzere wa pa chikhadabo chimodzi chokha, umene ukunka nutambalala, kapena mtundu wake ukasefukira pa khungu la m'mbali mwa chikhadabo, umenewo mukaonetse. Magazi oundana chifukwa chopunthwa amayenda n'kutuluka pamene chikhadabo chikukula. Chomwe chikungokhala pamalo amodzi n'kumakula si magazi.

Kujambula jambulani ndithu, koma jambulirani dokotala. Pamthunzi wowala, foni isagwedezeke, ikani rula pambali, lembani tsiku. Chithunzi chathu cha Seputembala, ngakhale chinali chosaoneka bwino, chinathandiza dokotala kuona kuti banga lakula motani pa miyezi isanu, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yokhayo yabwino yomwe chinagwira. Musapake jivi musanakaonetse, musapale ndi lezala, musatemere, musaotche, musagule mafuta a m'machubu ogulitsidwa m'misewu aja. Zonsezi zimasokoneza maso a dokotala ndi a ku labu omwe.

Abambo amapita kukaonedwa miyezi itatu iliyonse. Amawapapasa m'mphechepeche, amayang'ana bala, amayang'ana phazi linalo. Pachidendene pali chigamba chosalala, chakuda kuposa khungu lozungulira poti chinachokera pantchafu, ndipo nsapato yopolisha ija anaisiya, amavala yofewa yomwe achimwene anatumiza, akudandaula kuti ndi ya anyamata othamanga.

Mwezi wathawu ndinawatengera tiyi ku bawo, pansi pa mtengo pomwe amakumana ndi akuluakulu anzawo. Ndinapeza masewera aima, nkhomo zili m'maenje. Azibambo anayi, wamng'ono mwa iwo wa zaka 70, atakhala pa benchi mapazi ali pamtunda, nsapato zili pambali, masokosi obooka ali poyera. Abambo atavala magalasi, akuyenda ndi ndodo yawo kuchoka phazi ili kupita phazi ilo. Atafika pa mkulu wina wa ku Mangochi anawerama nthawi yaitali, n'kundikodola.

"Naphiri, tabwera udzaone ichi. Ine ndikuona ngati thope, koma maso anga ndi akale."

Ndinanyowetsa kansalu ndi madzi a mu fulasiki n'kupukuta. Linali thope.